Dayafulamu: Mmene Mnofu Wopumira Umapangidwira Mwana Ali M'mimba

Nkhani yokambidwa pa Boma la Mulanje pamaso pa mafumu, azaumoyo ndi ophunzira unamwino

 Ndikudziwa kuti ena mwalawirira mbandakucha kuchokera ku Muloza, ena ku Nkando, ena ku Chambe ndi ku Likhubula, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa kupendeka.

Ndisanalowe m'nkhani, aliyense aike dzanja pamene pathera nthiti, pamwamba pa mchombo. Kokani mpweya. Mwaimva mimba ikutukuka? Chimene chaikankha si mapapo ayi, pakuti mapapo paokha alibe mphamvu yokoka mpweya. Pansi pa mapapowo pali mnofu wopyapyala, wotambalala, wotumphuka chapakati, umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Kuchipatala timautchula dayafulamu. Ukakungika umatsika, m'chifuwa malo amakula, mpweya n'kulowa. Ukamasuka umakwera, mpweya n'kutuluka. Kuchindikala kwake ndi mamilimita 2 mpaka 4 basi, koma munthu akakhala phee, magawo atatu mwa anayi a mpweya umene amakoka amakokedwa ndi mnofu umenewu, maulendo pafupifupi 20,000 pa tsiku, ali maso ngakhale ali m'tulo.

Abambo amene munasendapo mbuzi mumaudziwa. Mukachotsa matumbo, chifu ndi chiwindi, mumapeza chotchinga musanafike pa mtima ndi mapapo. M'mbali mwake ndi nyama yofiira, pakati n'poyera ndi polimba. Ndi umenewo. Amayi mukamatumbula nkhuku simuupeza, chifukwa mbalame zilibe. Mnofu wotere uli ndi nyama zoyamwitsa zokha, ifenso tili m'gulu lomwelo.

Lero ndikufuna tione mmene mnofu umenewu umapangidwira mwana ali m'mimba mwa mayi ake. Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, umapangidwa liti. Yachiwiri, umapangidwa ndi chiyani. Yachitatu, umayambira pati, ndipo pamenepa ndi pamene mudzamve chifukwa chake munthu wovulala m'mimba amadandaula phewa. Yachinayi, chimachitika n'chiyani ntchitoyi ikapanda kutha bwino. Pa zonsezi mugwire mawu awa, ndiwabwereza kangapo: ntchito imeneyi imatha mimba isanaoneke.

Mfundo yoyamba: nthawi.

Masabata a mimba amawerengedwa m'njira ziwiri, ndipo ophunzira ambiri amapunthwa pamenepa. Kusikelo timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Akatswiri a kakulidwe ka mluza amawerenga kuyambira tsiku limene mbewu ya bambo inakumana ndi dzira la mayi, tsiku lomwe limabwera patapita masabata awiri. Ine lero nditsata mawerengedwe achiwiriwa. Wofuna kuyerekeza ndi zolembedwa m'buku la kusikelo angowonjezera masabata awiri.

Cha pa tsiku la 22, mluza ndi wotalika mamilimita awiri kapena atatu, wosafika ngakhale pa njere ya mpunga. Mtima wangoyamba kumene kugunda. Mayi wangodumpha mwezi ndi sabata imodzi, mwina ngakhale bambo a kunyumba sanauzidwe. M'masiku omwewo chiyambi cha dayafulamu chimaoneka. Pofika sabata ya 6, zidutswa zake zayamba kulumikizana. Pofika sabata ya 8, mluza uli ndi masentimita atatu, ndipo chifuwa ndi mimba zalekana. Kuyambira sabata ya 9 mpaka ya 12 kumangokhala kuwonjezera m'mbali.

Tsono taganizani. Sabata ya 8 imeneyi mayi wangodumpha kawiri. Akuthyolabe tiyi kuesiteti, dengu kumsana. Akukagulitsabe nanazi pa Chitakale. Chitenje akumanga mmene amamangira masiku onse. Apongozi sakudziwa, anansi sakudziwa. Koma mnofu umene mwanayo adzapumire mpaka ukalamba wake watha kale kusokedwa. Ntchito imeneyi imatha mimba isanaoneke.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse m'Malawi muno ndiwo ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Atatu mwa anayi ankafika kwa azamba ziwalo zonse zikuluzikulu za mwana zitaumbidwa kale. Sindikunena izi ponyoza amayi. Zifukwa tikuzidziwa tonse: mimba yaing'ono siilengezedwa poopa anthu a mitima yoipa, chipatala chili kutali, ndipo tsiku lojomba kuntchito ndi ndalama yotayika. Komabe akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo maulendo asanu ndi atatu, ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira, komanso aunikidwe m'mimba ndi makina kamodzi asanafike masabata 24. Anankungwi, sikelo imatheka mwakachetechete. Mayi akhoza kubisira mudzi koma osabisira mzamba.

Mfundo yachiwiri: zidutswa.

Poyamba thupi la mluza lili ndi mphako imodzi yokha, yochokera pamene padzakhale mtima kukafika kumene kudzakhale matumbo. Palibe chifuwa, palibe mimba. Chotchinga pakati pake sichimera ngati nsalu imodzi. Chimapangidwa monga achitira telala akamasoka chovala cha zidutswa zinayi: chilichonse chimadulidwa pachokha, kenako zimakumana pamisoko. Ndipo inu mukudziwa kuti chovala chikafuna kung'ambika, chimayambira pamsoko.

Chidutswa choyamba mabuku amachitchula septum transversum. Ndi kachigawo kochindikala ka maselo kamene kamakhala pakati pa mtima, umene uli pamwamba, ndi chiwindi, chimene chili pansi. Chiwindi chimamera m'kati mwa kachigawo kameneka, n'chifukwa chake posenda mbuzi chiwindi sichichoka chokha, mumachita kuchidula pa chotchinga chija. Chidutswa chimenechi ndicho chimadzakhala pakati poyera paja. Koma sichifika kumsana. Chimasiya njira ziwiri zotseguka, ina kumanja ina kumanzere kwa m'mero, ndipo mapapo akamayamba kuphuka amakulira m'njira zimenezi.

Chidutswa chachiwiri ndi timakwinya tiwiri totchedwa pleuroperitoneal folds, timene timamera kuchokera kumbuyo ndi m'mbali kudzatseka njira ziwiri zija. Pamenepa mumvetsere: njira ya kumanja imatsekeka msanga, ya kumanzere ndiyo imatsiriza. Musaiwale zimenezi, tizifuna pa mfundo yachinayi.

Chidutswa chachitatu ndi kanembanemba kamene kamamangirira m'mero kumsana. Kameneka kamasanduka timiyendo tiwiri ta mnofu timene timagwira mafupa a msana cha m'chiuno. Chachinayi chimachokera ku khoma la thupi lenilenilo: pakati pa sabata ya 9 ndi ya 12 mapapo akamakula amakumba m'mbali, ndipo mnofu umene amausenda m'katimo umadzakhala mpendero wa dayafulamu.

Telala wathuyu amasiya dala malo atatu odutsira. Moyang'anana ndi fupa la 8 la msana wa pachifuwa pamadutsa mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Pa fupa la 10 pamadutsa m'mero kupita ku chifu. Pa fupa la 12, kumbuyo kwenikweni pakati pa timiyendo tiwiri tija, pamadutsa mtsempha waukulu wochotsa magazi ku mtima. Malo amene pamadutsa m'mero akakhwepa munthu atakula, zam'chifu zimabwerera m'mwamba, ndiye chilungulira chosatha chimene ena a inu mumamwera soda.

Ophunzira, ndikunong'onezeni. Za zidutswa zinayizi ndi zimene zili m'mabuku anu, ndipo pamayeso mulembe zomwezo. Koma mu 2015 gulu la Gabrielle Kardon ku University of Utah, ku America, litatsata maselo a mbewa mmodzimmodzi, linaonetsa kuti timakwinya tiwiri tija timagwira ntchito yaikulu kuposa mmene tinkaganizira. Maselo ake amafalikira m'dayafulamu yonse ndipo ndiwo amatsogolera maselo a mnofu kumene ayenera kupita. Otsogolerawo akalakwitsa, pamatsala malo opanda mnofu, ofooka. Ndiye mukadzakhala aphunzitsi n'kupeza buku lasintha, musadzadabwe.

Mfundo yachitatu: kumene dayafulamu imayambira. Pamenepa ndichedwapo, chifukwa ndi mfundo imene ingapulumutse munthu sabata ino.

Dayafulamu siyambira pamene mwaika dzanja paja. Imayambira m'khosi. Mu sabata yachinayi, chidutswa choyamba chija chimakhala moyang'anana ndi chigawo chachitatu, chachinayi ndi chachisanu cha khosi. Maselo amene adzasanduke mnofu wake amachokera m'zigawo zomwezo, ndipo amabwera ndi mtsempha wawo wotumiza mauthenga, wotchedwa phrenic, umodzi kumanja wina kumanzere. Kenako msana wa mluza umakula mofulumira kuposa kutsogolo kwake, mtima ndi mapapo zikufuna malo, dayafulamu n'kumatsika. Sabata ya 6 ili pachifuwa. Sabata ya 8 mbali yake ya kumbuyo yafika pa fupa loyamba la m'chiuno. Potsika monsemo mtsempha uja sunaduke, unangotalika. Mwa munthu wamkulu ndi wa masentimita pafupifupi 30, kuchokera m'khosi, kudutsa m'mbali mwa mtima, kukafika pa dayafulamu.

Zotsatira zake ndi izi. Khungu la pamwamba pa phewa limatumiza mauthenga ake ku ubongo kudzera m'zigawo zomwezo za khosi. Ndiye chinthu chikanyanyula dayafulamu, makamaka magazi otayikira m'mimba, ubongo umalandira uthenga wa ululu koma umasokoneza kumene wachokera. Munthu amamva kupweteka paphewa pamene vuto lili pansi pa nthiti.

Ndipereke zitsanzo ziwiri za kuno kwathu. Mnyamata wa kabaza wagwa ndi njinga yamoto pamsewu wa ku Muloza. Wadzuka, wadzisasa fumbi, alibe bala lalikulu, wapita kwawo. Madzulo akuti phewa la kumanzere likupweteka, makamaka akagona chagada. Phewalo mukaligwira silinatupe, mkono ukuyenda bwinobwino. Achibale ayamba kulithowa ndi madzi otentha. Koma mnyamatayo milomo ikutuwa, akutuluka thukuta lozizira, akupempha madzi akumwa pafupipafupi. Ameneyo si wa phewa. Kapamba ali pansi penipeni pa dayafulamu kumanzere, ndipo kuno kumene malungo amatupitsa kapamba, sachedwa kuphulika munthu akagunda nthiti. Kupweteka kwa phewa kotereku mabuku amakutchula chizindikiro cha Kehr. Mnyamata ameneyo akufunika chipatala chimene chili ndi thiyeta ndi magazi, usiku womwewo.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha amayi. Mayi wadumpha mwezi umodzi kapena iwiri, sanauze munthu. Mwadzidzidzi m'mimba mwamupota cham'munsi, mwina akudontha timagazi pang'ono, akuchita chizungulire akaimirira, ndipo akuti phewa likubaya. Imeneyo ikhoza kukhala mimba yomera kunja kwa chiberekero, m'njira yodutsa mazira, ndipo njirayo yaphulika. Magazi adzaza m'mimba mpaka kukhudza dayafulamu. Alangizi a zaumoyo, mayi wa msinkhu wobereka akabwera ndi phewa lopweteka pamodzi ndi m'mimba, musam'patse panado n'kumubweza. Mutengereni pambali, kutali ndi apongozi, mum'funse mwaulemu kuti anasamba liti komaliza. Safunsa anadya phula. Ndibwereze: phewa lopweteka popanda kuvulala paphewapo, munthu akutuwa, ganizani za magazi m'mimba.

Mtsempha womwewu ndiwo umafotokoza chifukwa chake munthu wothyoka khosi pamwamba pa chigawo chachitatu amaleka kupuma pomwepo, pamene wothyoka m'munsi mwa chigawo chachisanu amapumabe ngakhale miyendo yafa. N'chifukwa chake wovulala pangozi sitim'nyamula mutu uli lendelende. Azamba, inunso mukudziwa mwana amene mapewa anakanirira pobadwa, n'kutuluka mkono umodzi uli wofooka. Mwana wotere muzimuyang'ananso kapumidwe, chifukwa mitsempha ya mkono ndi wa dayafulamu imatulukira moyandikana m'khosi, ndipo nthawi zina imavulalira pamodzi.

Dayafulamu ikangotha kupangidwa siikhala chete kudikira tsiku lobadwa. Cha m'sabata ya 10 imayamba kuyeserera kupuma, ngakhale m'chiberekero mulibe mpweya ndipo mwana amalandira okosijeni kudzera pa chingwe cha mchombo. Amayi amene munamvapo mwana akudumphadumpha m'mimba mofanana, ngati kugunda kwa wotchi, kwa mphindi zingapo, chimenecho chinali chidikwidikwi cha mwanayo, ndipo si matenda. Kuyeserera kumeneku kumathandiza mapapo kukula. Mapapo amafuna zinthu ziwiri, malo ndi kutambasulidwa, ndipo izi zikutifikitsa pa mfundo yotsiriza.

Mfundo yachinayi: msoko ukapanda kutsekeka.

Mwa ana 2,500 mpaka 3,000 alionse obadwa, mmodzi amabadwa ndi bowo pa dayafulamu. Mungati n'zapatalipatali. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino la Mulanje, ndipo boma la anthu ochuluka chotero silitenga zaka ziwiri kubereka ana 20,000. Mwa ana 20,000, owerengera angayembekezere asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu otere. Mzamba amene wagwira ntchito zaka zambiri mwina anam'landirapo mwana wotere osadziwa, n'kulemba kuti anabanika pobadwa.

Mwa ana khumi otere, asanu ndi atatu kapena kuposerapo bowolo limakhala kumanzere, chakumbuyo. Mwakumbukira chifukwa chake: kumanzere ndiko kumatsiriza kutsekeka, pamene kumanja kulinso chiwindi chimene chimatchinga. Bowo la kumbuyoli limadziwika ndi dzina la Vincent Bochdalek, mphunzitsi wa za thupi la munthu ku Prague, amene analifotokoza mu 1848. Lilipo lina losowa kwambiri, la kutsogolo kuseri kwa fupa la pachifuwa, limene Giovanni Battista Morgagni wa ku Padua analemba za ilo mu 1761.

Choopsa si bowo lenilenilo. M'masabata oyambirira matumbo a mluza amakulira kunja, m'tsinde la chingwe cha mchombo, chifukwa m'mimba mumakhala mothina. Mu sabata ya 10 amabwerera m'kati. Akapeza njira ya kumanzere ili yotseguka, amakwera m'chifuwa, nthawi zina pamodzi ndi chifu, kapamba, ngakhale mbali ya chiwindi. Amakhala pamalo a phapo kwa miyezi yonse yotsalayo. Phapo la mbali imeneyo limapinimbira, mtima umakankhidwira kumanja, phapo linalo nalonso silikula mokwanira, ndipo mitsempha ya magazi ya m'mapapomo imakhala yothina ndi yolimba. Ali m'mimba mwanayo savutika, poti akupumira kwa mayi ake. Vuto limayamba chingwe cha mchombo chikangodulidwa.

Azamba ndi anamwino, zizindikiro zake ndi izi. Mwana wabadwa pa nthawi yake, koma m'mphindi kapena maola oyambirira akupuma mobanika, milomo ndi lilime zikuda. Chifuwa chatukuka koma mimba yaphwa, yalowa m'kati, pamene mimba ya khanda imayenera kukhala yotumphuka. Mukamvetsera ndi chopimira, mtima ukumveka kumanja, kumanzere mpweya sukulowa, mwina n'kumva kulira kwa matumbo m'chifuwa. Munaphunzitsidwa kuti mwana akapanda kupuma mum'popere mpweya ndi chopopera cha Ambu m'mphindi yoyamba, ndipo chiphunzitso chimenecho n'cholondola, chapulumutsa ana ambirimbiri, musachisiye. Koma mwa mwana uyu yekha, mpweya wopopedwa pankhope umalowanso m'chifu ndi m'matumbo zimene zili m'chifuwa, zimafufuma, n'kufinya kaphapo kochepa kamene ali nako. Mukaona mwana akuipiraipira pamene mukupopa bwino, yang'anani mimba yake. Ngati yaphwa, lowetsani kachubu kapamphuno kapena kapakamwa kofika m'chifu, mukasiye kotsegula ndi kumakoka mpweya pafupipafupi. Mum'patse okosijeni, diripi, mum'funditse, asayamwe, ndipo makina a CPAP, amene amathandiza kwambiri ana obadwa masiku asanakwane, kwa uyu ayi. Pamene pali wodziwa kulowetsa chubu cha mpweya pakhosi, ndicho chofunika.

Mankhwala ake ndi opaleshoni: kubwezera matumbo m'mimba ndi kusoka bowolo. Woyamba kupulumutsa khanda losakwana tsiku limodzi mwa njira imeneyi anali Robert Gross wa ku Boston, mu 1946. Kwa zaka zambiri madokotala ankathamangira ku thiyeta mwana akangobadwa. Pambuyo pake anazindikira kuti chimene chimapha ndi mapapo osakhwima ndi mitsempha yothina ija, ndiye masiku ano amayamba am'khazika mwana pa makina opumira kwa masiku angapo kenako n'kuchita opaleshoni. M'mayiko amene ali ndi zipangizo zonse, ana pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi amapulumuka. Sindikunamizani, kuno n'kovuta kuposa pamenepo. Komabe kuyambira mu 2017 pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre pali Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chokhala ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, kumene Professor Eric Borgstein ndi anzake akhala akuchita ndi kuphunzitsa maopaleshoni a makanda. Kuchokera pano kudzera msewu wa Midima ndi makilomita 60 ndi kanthu. Ambulansi imene imanyamula bwino mwana wotere ndi mimba ya mayi ake. Ngati pounika m'mimba cha pa masabata 18 mpaka 22 a kusikelo aona chifu cha mwana chili pambali pa mtima, kapena mayi ali ndi madzi ochuluka modabwitsa, mayiyo akachirire ku Blantyre, asadikire kuti mwana abadwire kuno kenako n'kumathamanga naye.

Tsono funso limene mafumu mumakumana nalo pabwalo: walakwa ndani? Mwana akabadwa n'kumwalira tsiku lomwelo, pamudzi sipakhala bata. Ena amati bambo anayenda njira zosayenera mkazi ali ndi pakati. Ena amaloza agogo a kuseri kwa nyumba. Ena amakumbutsa mkangano wa malire a munda umene unachitika mayi ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ine sindinabwere kudzaweruza miyambo, ndabwera ndi kalendala. Bowo limeneli limatsala mu sabata ya 6 mpaka ya 8. Chilichonse chimene chinachitika mimba itaoneka, mkangano, kudya chakutichakuti, kudutsana ndi wakutiwakuti, chinapeza nkhani itatha kale. Ntchito imeneyi imatha mimba isanaoneke. Makolo athu anati m'mimba ndi m'chipala, ndipo m'chipala chimodzi mumatuluka zitsulo zosiyana popanda wosula kukhala ndi chiwembu. Kwa ana ena chifukwa chake chimapezeka m'majini, malangizo a chibadwa amene ali m'maselo, ndipo ana oterewa kawirikawiri amakhalanso ndi vuto la mtima kapena ziwalo zina. Kwa ambiri, vutoli limangogwa kamodzi m'banja. Ngati mwanayo analibe chilema china, mwayi woti wotsatira adzabadwenso chotero ndi pafupifupi 2 mwa 100. Banja lisathe chifukwa cha zimenezi.

Kodi pali chimene tingachite popewa? Njira yotsimikizika yotsekera bowoli palibe, ndipo amene angakugulitseni mankhwala otero akukuberani. Koma pali zothandiza mluza aliyense. Mu 1941 Dorothy Andersen wa ku New York anaona kuti makoswe osowa vitamini A m'zakudya ankabereka ana ambiri obooka dayafulamu, ndipo kuyambira pamenepo kafukufuku wakhala akuonetsa kuti vitamini ameneyu amatenga mbali pa kasokedwe ka mnofuwu. Ife kuno tili ndi mango, mapapaya, maungu, bonongwe, chisoso ndi mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwanso vitamini A. Zimenezi mtsikana azidya asanatenge pakati, chifukwa akadikira kuti adziwe, nthawi yadutsa. Koma chenjerani: makapisozi a vitamini A amene amapatsidwa kwa ana pa sabata ya zaumoyo si a mayi woyembekezera. Vitamini ameneyu akachuluka mopyola muyeso amapundula mluza. Wa m'ndiwo ndi m'zipatso ndi wokwanira. Mayi amene akuyembekeza kutenga pakati, kapena wangodumpha, asiye mowa ndi fodya, asamwe mankhwala osadziwika, a pagolosale kaya a m'botolo la kwa asing'anga, ndipo ngati ali ndi matenda a shuga kapena akumwa mankhwala a khunyu, aonane ndi dokotala mimba isanabwere.

Chotsiriza ndi cha inu a kuwodi ya ana. Si ana onse obooka dayafulamu amene amaonekera tsiku lobadwa. Bowo likakhala laling'ono, mwana amapita kwawo ali bwinobwino, n'kudzabwera ali ndi miyezi kapena zaka, akudwaladwala chibayo mbali imodzimodzi, akusanza akadya, sakukwera sikelo. Pa ekisire mumaona timabwalo ta mpweya m'chifuwa cha kumanzere, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti ndi mafinya kapena mpweya wotayikira kunja kwa phapo, n'kufuna kubaya paipi. Musanabaye, lowetsani kachubu kam'chifu, mujambulenso. Mukaona kachubuko kapindikira m'chifuwa, dziwani kuti chimene mukuona ndi chifu, ndipo paipi ikanaboola chifu kapena matumbo. Ana ofika mochedwawa mapapo awo amakhala atakula bwino, ndipo akachitidwa opaleshoni ambiri amachira n'kubwerera kusukulu. Muwalembere kalata yowatumiza ku Queen Elizabeth, ekisire ija apite nayo.

Ine ndaima pamenepa. Amene ali ndi mafunso abwere nawo, tiyambire kwa azamba.